Tsiku Limene Dinah Anapereka ndi Dzanja Lamanzere

Kuli amayi ena a ku tchalitchi ku Clondalkin, kuno ku Ireland, amene akuyenda akunong'onezana kuti Dinah wa kwathu wasanduka wotchova juga. Akhale pansi amve kaye mmene zinayendera, kenako akalankhule bwino. Mwana ameneyu sanachite kutoledwa pamsewu ayi, ali ndi kwawo.

Dinah anabadwira kwa Bvumbwe. Mayi ake, Chrissie, anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye anakulira m'manja mwa agogo ake, mayi wogulitsa kabichi ndi tomato pamsika, amene sankaseka ndi mwana wopanda mwambo. M'nyumba imeneyo munali lamulo limodzi losakambirana. Ukamapereka kanthu kwa munthu wamkulu, dzanja lamanja lipereke, lamanzere ligwire pachigongono. Ukadziwa kuti walakwa, ndiye kwenikweni, manja awiri, maso pansi. Wopereka ndi dzanja limodzi ankalawa chipande pazala. Wopereka ndi lamanzere tisanene n'komwe, ameneyo ankagona ndi khutu lotentha.

Bambo wa mwana wake sitimutchula m'banja mwathu. Ndi amene anachititsa kuti Dinah athawe dziko, n'kusiya kamtsikana kake, Louisa, ka zaka zinayi, katakakamira chitenje cha agogo omwe aja. Ku Ireland anakhala zaka zambiri m'nyumba za anthu opempha chitetezo, anayi m'chipinda chimodzi. Mapepala atatuluka anapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Lucan. Kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza anthu olemera ngati matumba a fetereza, msana n'kumalira. Sanadandaulepo. Zaka zisanu ndi zinayi zinatha akumuona mwana wake pagalasi la foni basi, mano akuguluka n'kumera ena iye kulibe.

Kuntchito kuja kunali nkhalamba ina, a Dalton, amene kale ankayendetsa basi, tsopano mwendo umodzi anaudula. Akatha kudya masana ankakhuthula chitini cha mabatani patebulo n'kuitana Dinah kuti asewere poka. Masewerawa ndi otere: aliyense amapatsidwa makhadi awiri obisa, ena asanu amayalidwa pakati, ndipo amene ake agwirizana bwino ndi apakatiwo ndiye wadya. Koma ukakankha mabatani ambiri anzako n'kuchita mantha, amataya makhadi awo, iwe n'kukokolola zonse osaonetsa chimene unali nacho. Ndiye kuti muli kunama. Dinah anali ndi mutu, kusukulu masamu ankawamwa ngati thobwa. Chaka chisanathe a Dalton ankachita kubwereka mabatani a pamalaya awo.

Zaka zinayi Dinah anakhala akupempha kuti Louisa abwere. Anamuuza kuti mwana safikira m'kachipinda kamodzi, ndiye anachoka m'kachipinda kake ka ku Rathmines n'kukapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Clondalkin, ndipo zonse zimene anasunga zinathera pamenepo. Kalata yovomera inatuluka, koma inapita kunyumba yakale ija. Inagona pakhonde miyezi iwiri ndi theka, pansi pa timapepala totsatsa pitsa, anthu akuiponda. Mtsikana wa kuyunivesite amene analowa m'chipindamo ndi amene anaitola n'kuimba foni. Dinah anawerenga kalatayo ataimirira pomwepo. Mwana ayenera kulowa m'dziko viza isanathe, ndipo panatsala masiku khumi ndi awiri.

Unali mwezi wa December, pamene aliyense akufuna ndege. Tikiti ya mwana woyenda yekha, ndi mayi wa m'ndege womuyang'anira, inali one thousand seven hundred euro. Chipereganyu cha kuntchito, iye anali wa March. Amalawi anzake anali atangokhuthula matumba potumiza maliro a mnyamata wina kumudzi. Analemba kalata yopempha masiku ena, yankho n'kubwera lochokera m'makina loti adikire masabata angapo. Foni ya kwa Bvumbwe nayo sinkagona.

"Amama, kusukulu ndatsanzika kale. Chikwama ndalongedza, agogo andigulira sweta. Ndibwera liti?"

"Posachedwa, mwanawe."

"Posachedwa lake liti?"

Madzi anafika m'khosi. Lachinayi m'mawa akuwaveka a Dalton sokosi kumwendo wawo umodzi uja, msozi unagwera paphazi la nkhalambayo. Anamufunsa, iye n'kufotokoza. A Dalton analoza chipepala chimene chinamatidwa pafupi ndi khomo. Kalabu ina ya mpira ku Lucan komweko inkafuna kukonza denga, ndiye inakonza mpikisano wa poka Lamulungu. Kulowa fifty euro.

"Ine sindinasewerepo ya ndalama, bambo. Agogo anga atamva akhoza kukomoka."

"Akomoke, adzadzuka," anatero a Dalton m'Chingerezi chawo chothamanga chija. "Koma kamtsikanako kakatsala, udzadikira zaka zina zinayi. Usakafune kukhala woyamba. Ukangofika pa nambala fili, uimirire uzipita."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lamulungu Dinah sanapite kutchalitchi. Anatenga fifty euro ya chakudya cha sabata, n'kukwera basi mvula ikuwaza.

Mu holo munali anthu oposa handiredi ndi theka, fungo la majasi onyowa ndi tiyi. Aliyense anapatsidwa mulu wa timabatani tapulasitiki, timene amati matchipu. Ako akatha, wafa, nyamuka. Ndipo sungangokhala n'kumadikira makhadi abwino, chifukwa pali msonkho wokakamiza umene umazungulira tebulo, lero kwa uyu, kenako kwa winayo, ndipo mphindi khumi ndi zisanu zilizonse umakwera. Wopambana wachitatu anali wotenga two thousand. Wachinayi eight hundred, ndalama yongomufikitsa mwana pa Addis Ababa n'kumusiya pamenepo.

Anayamba eleveni koloko. Dinah sanadye, sanayang'ane foni. Amuna akuluakulu a mimba zawo ankamutcha "love" n'kumamuseka, iye n'kumawatolera matchipu mmodzimmodzi ngati akutola ngumbi. Pofika faivi koloko kunja kutada kale monga kumachitira December wa kuno, panatsala tebulo limodzi la anthu asanu ndi anayi, ndipo mwana wa Chrissie anali pomwepo, mulu wake uli wooneka. Mwana wamkazi wa a Dalton anali atawabweretsa bambo ake pachikuku, ali kuseri kwa chingwe chotchingira oonerera, bulangete pamwendo.

Kumanzere kwa Dinah kunakhala bambo wakuda wa imvi mbuu, wovala jekete la chikopa. Anamuyang'ana n'kumwetulira.

"Uli bwanji, mwana wanga? Ndiwe wa ku Malawi, nakuona pa mayendedwe. Ine ndine Mwelwa, wa ku Chipata. Niyendetsa taxi."

"Ndili bwino, kaya inu bambo?" Dinah anayankha, mawondo akupindika okha ngakhale anali pampando.

"Manje apa palibe chibale, ka. Nizakudya."

Anaseka onse awiri. Koma bamboyo sankanena zocheza.

Ulendo woyamba Dinah anakankha matchipu ali ndi makhadi achabechabe, a Mwelwa anavomera nthawi yomweyo, kukankha awo kuti makhadi aonetsedwe, n'kumudya. Iye anati ndi tsoka chabe. Atakhala ndi makhadi enieni n'kukankha, bamboyo anataya ake osaganiza n'komwe. Ananamanso kachiwiri, anagwidwa. Kachitatu, anagwidwanso. Azungu onse patebulopo ankamuopa, koma nkhalamba ya ku Chipata inkamuwerenga ngati chikwangwani cha pamsewu. Mulu uja unasungunuka ngati mchere m'madzi. Anthu ena ankagwa ndithu, wachisanu ndi chinayi, wachisanu ndi chitatu, mpaka anatsala anayi: a Mwelwa ndi phiri lawo la matchipu, mayi wina wa zikhadabo zofiira amene nayenso anali nawo ambiri, mwamuna wokonza mapaipi dzina lake Jared, ndi Dinah. Wochepetsetsa anali Dinah. Jared ankamuposa pang'ono chabe, ndipo anali atapinda manja, akutaya makhadi aliwonse, kudikira kuti mayi wakudayu afe kaye iye alowe pa nambala fili.

Anapereka mphindi khumi zopuma. Dinah anapita kuchingwe kuja. Foni inali ndi uthenga wa Louisa, chithunzi cha chikwama chili pakhomo, pamwamba pake sweta yofiira.

"Ndatha, bambo," anauza a Dalton. "Munthu uja akuona makhadi anga. Kaya ndi mankhwala."

"Mankhwala a chiyani! Ine ndakhala ndikumuyang'ana ola lathunthu. Nkhope yako sakuiyang'ana n'komwe. Ukamakankha, maso ake ali padzanja lako lamanzere. Kaya akuonapo chiyani, ine sindikudziwa, dzanja ngati dzanja."

Dinah anayang'ana dzanja lake. Kenako anazindikira.

Zaka zonsezi m'dziko la eni anali ataphunzira kupereka zinthu ndi dzanja limodzi ngati mzungu, ndipo kwa azungu a patebulo ankanama dzanja lili phee pamwendo. Koma uyu anali bambo wa imvi, wolankhula chinenero cha kwawo, womutcha mwana wanga. Dinah akakhala ndi makhadi oona ankakankha bwinobwino ndi dzanja limodzi, mtima uli mbee. Koma akati amunamize munthu wamkuluyo, dzanja lamanzere linkanyamuka lokha n'kukagwira pachigongono, kupepeseratu bodza lisanathe. Azungu sakanaona kanthu pamenepo. Wa ku Chipata anakulira mwambo womwewo.

"Ndi agogo," anatero Dinah, osadziwa kuti aseke kapena alire. "Ndi chipande cha agogo."

"Chiyani?"

Belu linalira asanayankhe.

Atabwerera anapeza msonkho wakweranso. Matchipu ake anali okwana kulipira kasanu kokha, a Jared kasanu ndi theka. Ulendo umenewu theka la msonkho linali kwa Dinah, msonkho wathunthu kwa a Mwelwa. Wogawa anaponya makhadi. Jared anataya ake n'kumutsinzinira diso.

"Osafulumira, love. Ine ndili ndi tsiku lonse."

Mayi wa zikhadabo uja anatayanso. Anatsala awiri, Dinah ndi a Mwelwa. Dinah anatukula ngodya za makhadi ake pang'onopang'ono akupemphera. Naini ndi fili, osiyana mitundu. Zinyalala zenizeni.

Mutu unayamba kuthamanga. Akataya, atsala ndi kanayi ndi theka, msonkho uzungulira n'kumupezanso, ukwerenso, ndipo pofika pamenepo adzakhala wochepa moti palibe amene angamuope, aliyense adzangovomera n'kumuponda. Kudikira makhadi abwino kunali kudikira basi imene mwina yadutsa kale. Akakankha zonse a Mwelwa n'kuvomera, naini ndi fili sizipha munthu, anyamuka ndi eight hundred, akaimbe foni kwa Bvumbwe kuti mwana amasule chikwama. Koma a Mwelwa akaopa n'kutaya, iye adutsa Jared, ndipo msonkho wotsatira ugwera Jared. Njira inali imodzi yokha, yopyapyala ngati ulusi: bambo uyu akhulupirire kuti ulendo uno mwana sakunama.

Dzanja lamanzere linali litayamba kale kunyamuka. Analimva likukwera lokha ngati lili ndi mzimu wake. Kuliletsa sakanatha, linali lozolowera zaka makumi atatu. Ndiye anaganiza zolipatsa ntchito. Dzanja lamanja analikhalira pansi pa ntchafu, n'kutenga lamanzere lomwelo, lija loletsedwa, n'kukankha nalo matchipu onse mwachipongwe mpaka ena anagubuduka kukagunda kapu ya a Mwelwa. Ndipo anawayang'ana m'maso bambo wa imvi, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

"All in."

M'khutu ankamva mawu a agogo ake akuti iwe Dinah, dzanja limenelo ndi la kuchimbudzi. Sanaphethire.

A Mwelwa anayang'ana dzanja lija. Anayang'ana chigongono chimene panalibe wochigwira. Anasuzumiranso makhadi awo, n'kuyamba kuseweretsa matchipu m'zala, tcheke tcheke tcheke.

"Iwe ka Malawi, wanipasa na left? Ine?"

Dinah anapitiriza kuwayang'ana m'maso.

"Wapeza chiyani, ma esi? Kamba, mwana wanga, sinizauza munthu."

Mlomo wa Dinah unkafuna kunena kuti pepani bambo. Anauluma mpaka anamva kukoma kwa magazi. Wogawa makhadi anayamba kuwerenga masekondi. Atafika pa faivi a Mwelwa anapumira m'mwamba, n'kutembenuza makhadi awo kuti onse aone, mfumu ndi teni, makhadi oti akanamupha nawo mosavuta, n'kuwaponya pakati.

"Tenga. Ulemu ukachoka ninshi zinthu zilipo."

Dinah anakokolola matchipu, zinyalala zake zija n'kuzilowetsa mumulu chafufumimba. Tsopano anali pamwamba pa Jared, pang'ono pokha ngati mpando ndi chopondera. Kumwetulira kwa Jared kunazima.

Koma Mulungu amayesa munthu kawiri. Ulendo wotsatira womwewo msonkho uli kwa Jared, mayi wa zikhadabo zofiira anakankha phiri lake lonse kuti aopseze Dinah ndi Jared. Dinah anatukula makhadi: mafumukazi awiri. Tsiku lonse sanaone makhadi okongola chotero. Mtima unati lowa, ukadya apa ukhoza kutenga ngakhale nambala wani. Koma iye sanabwerere nambala wani. Akalowa n'kugwa, Jared amene sanayankhebe akanangotaya ake n'kulowa pa nambala fili akuseka. Anawayang'ana mafumukazi aja ngati mmene anamuyang'anira Louisa tsiku lochoka, n'kuwakankhira kwa wogawa. A Mwelwa anatayanso.

Jared anaona kuti wodikirira uja sakufa, ndipo msonkho wamudya kale. Anatukwana pang'ono n'kuvomera. Anatembenuza esi ndi jeki. Mayi uja ma eiti awiri.

Wogawa anayala atatu oyamba. Jeki anatulukira pomwepo. Anzake a Jared anakuwa kuseri kwa chingwe, iye n'kuimirira akumenya tebulo. Mafumukazi a Dinah aja akanakhala akutsogola, ndipo tsopano Jared akadya abwerera pamwamba kawiri, iye n'kukhalanso wapansi, wopanda bodza lina loti anene. Khadi lachinayi, thuu. Palibe chasintha. Anatseka maso. Anaona sweta yofiira ikutulutsidwa m'chikwama, ikupindidwa, ikubwezedwa m'sutikesi ya pansi pa bedi kuti idikire mwana amene adzakhale ataikula.

Anamva kukuwa, koma sanadziwe kuti akukuwa ndi a mbali iti. Chimene anazindikira ndi mawu a nkhalamba ya mwendo umodzi ikukuwa dzina lake ngati kondakitala. Atatsegula maso, pakati pa tebulo panali eiti wachitatu wa mayi uja, ndipo Jared anali akuvala jasi.

Zotsalazo sakuzikumbuka bwino. Akuti ulendo wotsatira anakankha zonse osayang'ana n'komwe makhadi, a Mwelwa n'kumudya, iye n'kunena kuti zikomo. Anamupatsa envulopu ya nambala fili, two thousand. Anakhala pansi pakona pafupi ndi mulu wa mipando, n'kugula tikiti pafoni pomwepo, zala zikuphonya manambala katatu.

Mpikisano utatha, a Mwelwa atatenga chikho chawo, Dinah anawatsatira pakhomo. Anagwada pasimenti yonyowa, azungu akumulambalala modabwa.

"Bambo, mundikhululukire. Ndinakupatsani ndi lamanzere. Sindinaleredwe choncho."

"Nyamuka iwe, uzadwala. Niuze chabe, unali na chiyani paja?"

"Naini ndi fili, bambo."

Bamboyo anagwira pamutu. Kenako anaseka chikhakhali mpaka kutsokomola, akumenya denga la taxi yake.

"Naini na fili! Ine nataya mfumu! Amene anakulera akamva azakumenya, ndipo ine nizamugwirira." Atamva za Louisa anasiya kuseka. Anafunsa tsiku ndi nthawi ya ndege, n'kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ku eyapoti apita ndi galimoto yake, mita yozimitsa.

Agogo aja anamvadi. Pafoni anangofunsa ngati Dinah anapepesa. Atamva kuti anagwada, anati basi, nkhani yatha, ndipo wina aliyense woitola adzaonana ndi iwo.

Louisa anatera ku Dublin kutatsala masiku awiri kuti viza ithe. Anatuluka pakhomo lija ali ndi chikwama chake ndi sweta yofiira yosakwanira kuzizira kwa kuno, wamtali kuposa mmene foni inkamuonetsera. Anaima patali pang'ono, wamanyazi, osadziwa ngati mayi ameneyu amakumbatiridwa. Dinah anangovula jasi lake n'kumupatsa. Mwanayo anapinda mawondo, natambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono.

Apo ndiye Dinah analira, kulira kwa pamaliro kwenikweni, pakati pa eyapoti ya eni ake, mpaka a Mwelwa anachita kunyamula chikwama n'kumauza anthu kuti pitani, palibe wafa.

Kuchokera tsiku limenelo sanakhalenso patebulo la ndalama. Amasewera ndi a Dalton basi, masana akatha kudya, ndipo mabatani onse a m'chitini ndi ake. Amayi a ku Clondalkin aja akafuna kudziwa kuti juga yake inagula chiyani, ayang'ane benchi yachitatu kumanzere Lamulungu likubwerali. Pali mtsikana wamtali amene amaimba alto.